Kumenyana ndi mazombi pa VR: lupanga limagwidwa ngati chikwanje

Chipangizo changa ndi Quest 2, cha VR, chovala kumaso chomwe chimakuonetsa ngati uli mkati mwa gemu, chomwe mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Joni, ndipo ndimasewerera pabalaza pathu pa Chitakale. Gemu yomwe yandigwira mtima ndi Undead Citadel, ya kampani ya Dark Curry, yomwe inatuluka mu 2023. Umakhala msilikali wa makedzana wa ku Ulaya, mkati mwa mzinda wa malinga amiyala, ndipo okuukira ndi mazombi, mitembo yoyenda. Anzanga akaona amati ndi ndondocha. Ayi, ndondocha amati imagwirira ntchito mwini wake, pamene awa chawo n'kukupha basi.

Musanavale chipangizocho, konzani malo. Pamafunika mamita 2 mulitali ndi 2 mulifupi popanda kanthu. Tebulo, mipando, mbaula, zonse zichoke. Chipangizocho chikakuuzani kuti mujambule malire pansi, siyani mpata pakati pa mzerewo ndi khoma, chifukwa mkono ukakhala pa liwiro suima pomwe mzere waonekera. Yang'ananinso kumwamba. Ine tsiku lachiwiri ndinaswa babu ndi kontirola, kachipangizo kogwira m'manja posewera, ndikufuna kutema zombi pamutu, magalasi n'kumwazikira pomwe ndinaima wopanda nsapato. Kuyambira pamenepo ndimayala kamphasa pakati pa malowo: phazi likangoponda simenti ndimadziwa kuti ndasochera. Tizingwe ta makontirola timangeni m'manja, ndipo ana muwauze kuti asalowe, popeza simuwaona ngakhale ataima pamphuno panu.

Chipangizochi chili ndi makamera 4 omwe amaona chipinda ndi manja anu, ndiye mdima sichigwirizana nawo. Magetsi akathima madzulo, kandulo siikwana. Ine ndimapachika nyale ya sola pakona. Koma musatuluke nacho padzuwa. Dzuwa likalowa m'magalasi ake limawotcha sikirini ya mkati, ndipo chipseracho sichichoka. Nyengo ya chiperoni, nkhungu ikatsika m'phiri, magalasi ozizira amachita nthunzi akangokumana ndi nkhope yofunda. Valani chipangizocho pamphumi mphindi zingapo kuti chifunde, kenako pukutani ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso, osati malaya.

Tsopano lupanga lenilenilo. Pafupifupi aliyense amene ndamubwereka amayamba n'kugwedeza dzanja msangamsanga ngati akuthamangitsa ntchentche. Sizipha kanthu. Kontirola ndi yopepuka, koma gemu imapatsa chida kulemera kwake, ndiye mukagwedeza dzanja lokha lupanga limatsalira m'mbuyo n'kungokhudza zombi mopanda mphamvu. Bambo anga anagwira ntchito yodulira tiyi zaka zambiri, ndipo pondiphunzitsa chikwanje ankati: "Mwanawe, dzanja limangogwira, wotema ndi phewa ndi chiuno." Mawu amenewo ndi amene anandiphunzitsa gemu imeneyi. Ikani phazi limodzi patsogolo, pindani mawondo pang'ono, yambitsani nkhwapulo kuchokera paphewa, ndipo musaiimitse pomwe yakhudza. Ipitirire ngati mukudula nthochi kuti tsinde ligwe kamodzi.

Lozani khosi ndi mutu. Zombi ukaitema pamimba imabwerabe. Ikavala chisoti kapena malaya achitsulo, kutema kumangolira kuti ngwee, choncho funani pomwe pali poyera, kumaso kapena pakhosi, mubaye molunjika, kapena sinthani mutenge nkhwangwa kaya chibonga. Lupanga likakanirira m'thupi musalimbane nalo mnzake akubwera. Lisiyeni, tolani chida china pansi. Chida chachitali chigwireni ndi manja awiri, dzanja lina kumunsi kwa chigwiriro, ndipo muona kuti chikumverani.

Chishango ambiri amachiiwala, chimangolendewera m'mbali. Chikwezeni chifike pachibwano, chigongono chili chopinda. Dikirani mdani ayambe ndiye. Chida chake chikagunda chishango, pamakhala kamphindi komwe iye ali poyera, ndipo nthawi yanu ndi imeneyo. Kudikira kumeneku n'kovuta kwambiri, chifukwa chinthu chowola nkhope chikamakuyandikira thupi limafuna kungomenya paliponse. Ine ndimapuma kamodzi mozama, n'kuwerenga masitepe ake.

Akabwera ambiri, musaime pabwalo. Zombi imodzi siopsa, zoopsa ndi zija zakuzungulirani kumsana. Bwererani pakhomo kapena pakanjira kopanikiza kuti azibwera mmodzimmodzi, msana wanu uli kukhoma la m'gemumo. Ali patali, uta ndi mivi zimachepetsa gulu lisanafike. Makutu agwirenso ntchito, phokoso la kubuula limakuuzani mbali yomwe akuchokera.

Za chizungulire ndinene mosabisa, chifukwa chimagwetsa ulesi anthu ambiri tsiku loyamba. Maso amaona kuti mukuyenda pamene thupi laima, ndiye mseru umabwera. Potembenuka, tembenukani ndi thupi lenileni m'malo mokankha kandodo ka pa kontirola. Ngati mukugwiritsa ntchito kandodoko, sankhani snap turn, kutembenuka kodumphadumpha, osati kozungulira pang'onopang'ono. Magalasi a Quest 2 amasuntha malo atatu, kuti atalikirane mamilimita 58, 63 kapena 68 molingana ndi maso anu. Yesani onse mpaka zilembo zioneke bwino, apo ayi mutu uwawa. Masiku oyamba mphindi 15 zakwana. Mukangomva thukuta lozizira kapena malovu kudzaza m'kamwa, vulani pomwepo, mukhale pakhonde mupume. Kukakamira kumangochititsa kuti mawa mudane nacho.

Batire limatha pakadutsa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, choncho tchajani magetsi akadalipo. Kontirola iliyonse imadya batire limodzi la AA, ndipo ndimasunga awiri apadera m'kabati. Gemu ya magazi ngati iyi ana aang'ono sindiwapatsa.

Mlamu atabwera pa Khirisimasi ndinamuveka chipangizo chake chomwe. Anayamba n'kugwedeza dzanja ngati ena onse. Ndinamugwira phewa, n'kumukankhira phazi lamanzere patsogolo. "Alamu, temani ngati muli kumunda." Zombi yotsatira inagwa ndi nkhwapulo imodzi, iye n'kufuula mpaka mayi anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja.