Momwe mungasandutsire katoni yakale kukhala bokosi losungiramo zinthu

Masokosi, machaja a foni, ulusi, mabatani ndi timapepala tofunika ndizo zimasokoneza nyumba kuposa katundu wamkulu, chifukwa zilibe malo akeake ndipo zimangosiyidwa paliponse pamene dzanja lafika. Katoni imene munatengeramo katundu ikhoza kuthetsa vutoli, ndipo ikakutidwa bwino ndi nsalu imakongoletsa shelefu moti mlendo sangaganize kuti inali yoti itayidwe. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti anthu amathamangira kumata nsalu asanalimbitse katoniyo, ndipo posakhalitsa bokosi limayamba kufwamphuka m'mbali ndi kubooka pansi. Ntchito yaikulu ili pa zimene zidzabisike kuseri kwa nsaluyo.

Mufunika katoni youma yopanda mafuta, katoni ina yodulako zidutswa, nsalu yakale yothina bwino ulusi, guluu woyera wa matabwa, burashi, rula, pensulo, sizasi, mpeni wakuthwa ndi mapegi oyanikira zovala. Musanadule chilichonse, yezani kaye malo amene bokosilo lidzakhale, ndipo musiye mpata wa masentimita 2 pamwamba ndi m'mbali kuti lizituluka mosavuta.

Yambani ndi kudula zigawo zinayi zapamwamba zimene zimatseka katoniyo, koma musazitaye. Mukayang'anitsitsa pamene mwadulapo muona kuti pakati pa mapepala awiri osalala pali pepala lachitatu lopindikapindika ngati mafunde, limene limapanga timipata tatitali tooneka ngati timapaipi. Mphamvu ya katoni ili m'timipata timeneti, ndipo imapirira kulemera kwambiri ngati timipatato taima chilili. Choncho mukamadula zidutswa zolimbitsira makoma a bokosi, onetsetsani kuti timipata tawo tikuchokera pansi kupita m'mwamba, kenaka muzimate m'kati mwa khoma lililonse. Pansi pa bokosi pamafunika zosiyana: chidutswa chimene mukumatapo chikhale ndi timipata todutsa mopingasa ta katoni yoyambayo, kuti ngati mbali ina ikufuna kupindika inzake iziigwira. Ikanipo mabuku olemera ndipo mudikire kuti guluu aume. Ili ndi gawo lotopetsa chifukwa palibe chokongola chimene chimaoneka, komabe ndi limene limasiyanitsa bokosi lokhalitsa ndi longoonetsera.

Ngati mukufuna zogwirira, boolani tsopano mabowo awiri aatali m'mbali zazifupi, pafupifupi masentimita 4 kuchokera pamwamba, nsalu isanamatidwe.

Nsalu ichapidwe ndi kusitidwa, pakuti makwinya amene yalowa nawo pa guluu sachokanso. Dulani chidutswa chimodzi chachitali chozungulira mbali zonse zinayi, ndipo muonjezere masentimita 3 pamwamba, pansi ndi kumapeto kuti mupeze popinda. Thirani timadzi pang'ono mu guluu kuti aziyenda bwino ndi burashi, ndipo muzipaka pa katoni, osati pa nsalu. Pakani mbali imodzi yokha, yalanipo nsalu, ndipo muisalaze ndi chikhatho kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti mpweya utuluke, kenaka mupite ku mbali yotsatira. Guluu woyera akauma saoneka, koma akachuluka amalowerera mu nsalu n'kusiya mabanga olimba, komanso amanyowetsa katoni mpaka kuipinda, choncho wochepa wofika paliponse ndi wabwino kuposa wambiri wounjikana.

Pa makona ndi pamene dzanja la munthu wosamala limadziwikira. Nsalu yotsala pamwamba muidule pang'ono ndi sizasi pa kona iliyonse, kulekezera pafupi ndi m'mphepete mwa katoni, kuti ikamapindikira m'kati isaunjikane. Pindani mbali ziwiri zazitali poyamba, zazifupi pambuyo, ndipo mupanikize ndi mapegi kuzungulira mlomo wonse. Pa mabowo a zogwirira, ng'ambani nsalu pakati pa bowo, dulani timizere tolunjika kumakona ake, ndipo mupindire timapiko timeneto m'kati ndi kutimata. M'kati mwa bokosi mukhoza kumatamo pepala lolimba kapena nsalu yamtundu wina, ndipo ine ndimakonda yowala chifukwa kabatani kakang'ono kamaoneka msanga pansi poyera kusiyana ndi pakuda.

Ena amapanga okha zomatira pophika gawo limodzi la ufa wa tirigu m'magawo anayi kapena asanu a madzi mpaka zitalimba pang'ono. Zimagwira ndithu, makamaka pa pepala, koma zimakopa mphemvu ndipo zimachita chuku m'nyumba mukakhala chinyezi, motero pa bokosi losungiramo zovala kapena zikalata ndi bwino kugwiritsa ntchito guluu wa matabwa.

Bokosi liume kwa maola 24 pamalo odutsa mpweya musanaikemo kanthu. Zigawo zija munadula poyamba zidzakuthandizani kugawa zipinda m'kati: dulani zidutswa zofanana ndi kutalika kwa bokosi ndi zina zofanana ndi mulifupi mwake, chekani kampata kofika pakati pa chidutswa chilichonse pamene zidzakumanirane, kenaka muzilowetsane mopingasa. Sizifuna guluu, ndipo mukhoza kuzichotsa tsiku limene mudzafune kusungamo chinthu chachikulu.

Nsalu imene yatsala ikwanira kukutira zitini zoikamo mapensulo, sizasi ndi maburashi. Chitini chitsukidwe ndi kuumitsidwa bwino kuti chisachite dzimbiri, ndipo mlomo wake wakuthwa, umene umacheka zala makamaka za ana, muusalaze poumenya pang'onopang'ono ndi nyundo kapena kuukuta ndi tepi yolimba musanapindirepo nsalu. Chingwe chokulungidwa mothinana kuchokera pansi mpaka pamwamba chimachitanso bwino m'malo mwa nsalu.

Pomaliza, samalani pamene mukuika mabokosiwa. Katoni imayamwa chinyezi ndipo chiswe chimaidya, choncho isakhale pansi penipeni kapena kutsamira khoma lonyowa, ndiponso ikhale kutali ndi moto, makandulo ndi mbaula. Zinthu zolemera muziike m'mabokosi a m'munsi mwa shelefu, ndipo kutsogolo kwa lililonse mumatepo kapepala kolemba zimene zili m'katimo, kuti aliyense m'nyumbamo azidziwa pobwezera chinthu akatha kuchigwiritsa ntchito.