Kuika Chiwindi Chatsopano: Kasokedwe ka Mitsempha ndi Zimene Zimalakwika

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo magazi amalowamo kudzera m'mitsempha iwiri. Waukulu, portal vein, umachokera ku matumbo ndipo umabweretsa magawo atatu mwa anayi a magaziwo. Wamng'ono, hepatic artery, kukula kwake ndi mamilimita 4 kapena 5 basi, koma ndiwo wokha umene umadyetsa tinjira ta ndulu. Aliyense wophunzira opaleshoni imeneyi agwiritsitse mfundo iyi: msoko waung'ono kwambiri ndiwo umagamula ngati wodwala apita kwawo kapena abwerera pamndandanda wodikira chiwindi china. Thomas Starzl atayesa koyamba ku Denver mu 1963 odwala ake sanakhalitse, ndipo woyamba kupitirira chaka adachitidwa opaleshoni mu 1967. Lero m'zipatala zikuluzikulu odwala pafupifupi 9 mwa 10 amafika chaka ali moyo.

Patebulo lokonzera chiwindi

Chiwindi chimafika chitamizidwa m'madzi osungira, a UW kapena HTK, ozizira madigiri 4. Nthawi imayamba kuwerengedwa pamene magazi adasiya kuyenda m'thupi la wopereka. Yesetsani kuti asapitirire maola 8. Akadutsa 12, tinjira ta ndulu timawonongeka ndipo chiwindi chimachedwa kudzuka.

Chisungeni m'beseni la madzi ozizira omwewo, ayezi asachikhudze. Chotsani mnofu ndi mafuta omatirira pa vena cava (mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima), mangani timitsempha tonse ta m'mbali, kenako thirani madzi mumtsempha uliwonse mutaupana kuti muone pochucha. Kabowo kamene mungakaphonye pano mudzakakapeza kakulavula magazi kuseri kwa chiwindi, kumene dzanja silifika bwino. Yang'anitsitsani hepatic artery. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali ndi nthambi yochokera kwina: ya kumanja yochokera pamtsempha waukulu wa matumbo, kapena ya kumanzere yochokera pamtsempha wa chifu. Nthambi yotero isamangidwe n'kutayidwa. Ilumikizeni pomwepo patebulo kuti m'mimba mwa wodwala mukasoke malo amodzi okha. Chiwindi chachikasu, chozungulira m'mphepete ndi choterera pachala chili ndi mafuta. Dulani kachidutswa akakaunike. Mafuta akaposa 30 peresenti ngozi imakula, akaposa 60 ambiri amachikana.

Kuchotsa chiwindi chodwala

Chekani mopingasa pansi pa nthiti, n'kukwera pakati mpaka pafupa la chifuwa. Apa ndi pamene magazi amatayika kwambiri. Chiwindi cholimba chimatsekereza magazi, ndiye timitsempha ta pakhoma la mimba timatupa ndipo timang'ambika ngati pepala lonyowa, pomwe magazi a wodwalayo saundana msanga. Mangani kapena tenthani kalikonse musanadule.

Pakhomo la chiwindi dulani njira ya ndulu ndi hepatic artery kumtunda, pafupi ndi chiwindi, kuti zotsalazo zikhale zazitali. Njira ya ndulu musaisende mpaka kuyera. Timitsempha toidyetsa timayenda m'mbali mwake, ndipo ikasendedwa nsonga yake imafa patapita masiku.

Pa vena cava pali njira ziwiri. Yakale ndi kupana mtsemphawo kumtunda ndi kumunsi n'kuuchotsa limodzi ndi chiwindi. Magazi obwerera kumtima amachepa kwambiri ndipo impso zimavutika, choncho yambani mwapana mongoyesa, dokotala wogonetsa aone ngati mtima ukupirira. Inayo ndi piggyback, imene Roy Calne adaifotokoza ku Cambridge mu 1968 ndipo Andreas Tzakis adaifalitsa mu 1989: vena cava ya wodwala imatsala, inu n'kumamanga timitsempha tifupitifupi ta kuseri kwa chiwindi kamodzikamodzi. Imadya nthawi, koma magazi sasiya kuyenda.

Chiwindi chikangotuluka, thupi silithanso kuphwanya citrate, mankhwala oletsa kuundana, wa m'magazi oikidwa. Calcium amatsika, asidi amakwera, thupi limazizira. Wogonetsa aziyeza magazi pafupipafupi ndipo chofunda chotenthetsa chizigwira ntchito.

Kusoka ndi kutsegula magazi

Chiwindi chikachoka m'beseni chimayamba kufunda chopanda magazi. Muli ndi mphindi 30 mpaka 45 zosoka vena cava ndi portal vein. Pa vena cava gwiritsani ntchito ulusi wa Prolene 3-0 kapena 4-0, ndipo pakamwa pakhale potakasuka. Pakapanikizika, chiwindi chimatupa, chimada, ndipo m'mimba mumadzaza madzi.

Portal vein imasokedwa ndi 5-0 kapena 6-0. Zolakwika zodziwika ndi ziwiri. Mtsempha ukatalika umapindika mukachotsa zokokera nthiti, choncho masulani zokokerazo pang'ono musanayeze podula. Mfundo ikamangidwa mothina msoko umakhala ngati m'chiuno mwa mavu; mangani mfundoyo motalikirako pang'ono ndi khoma la mtsempha, kuti magazi akalowa ulusi utambasuke. Musanamalize, tsukani chiwindi ndi madzi a albumin kapena a diripi, theka la lita mpaka lita imodzi, atulukire pa vena cava. Madzi a UW ali ndi potassium wambiri, ndipo mpweya wotsalira m'mitsempha nawo uyenera kutuluka.

Musachotse chopanira musanamve wogonetsa akuti wakonzeka. Magazi ozizira, a asidi ndi potassium amathamangira kumtima nthawi imodzi. Kuthamanga kwa magazi kukatsika ndi 30 peresenti kwa mphindi yathunthu m'mphindi 5 zoyamba, vuto lafika, ndipo mtima ungathe kuima. Calcium ndi adrenaline zikhale zokoka kale m'jakisoni, potassium akhale wotsitsidwa kale. Tsegulani pang'onopang'ono, chala chili pa portal vein. Chiwindi chabwino chimasintha kuchoka kotuwa n'kufiira ponseponse, chimakhala chofewa, ndipo nthawi zambiri ndulu yachikasu imayamba kudontha mimba isanatsekedwe.

Hepatic artery

Apa musafulumire. Valani magalasi okuza, ndipo kwa mwana, amene mtsempha wake ungakhale mamilimita 2, gwiritsani ntchito maikulosikopu. Ulusi ndi 7-0 kapena 8-0. Sokani pamene mtsempha ukugawika: mukang'amba pakati pa nthambi ziwiri mumapeza pakamwa potambalala, posavuta kusoka ndiponso posathina msanga. Chopanira chikhale chofewa, ndipo khungu lam'kati la mtsempha musaligwire ndi chitsulo. Likasupuka, magazi amalowa pansi pake n'kutseka njira. Singano iliyonse ibowole khoma lonse kuti khungulo ligwirike.

Musanasoke, masulani mtsempha wa wodwala muone mphamvu yake. Uyenera kufwamphuka. Ukamangodontha, funani chifukwa: mwina wasupuka m'kati, mwina mnofu wa pansi pa chifuwa ukupana pamene ukuchokera, mwina mtsempha wa kapamba wotupa ukulanda magazi. Zikakanika, tengani mtsempha wa m'chiuno mwa wopereka muulumikize kuchokera pa aorta, mtsempha waukulu wochokera kumtima. N'chifukwa chake gulu lokatenga chiwindi liyenera kubweretsa mitsempha imeneyi nthawi zonse. Mukatha, goneketsani chiwindi m'malo mwake muone ngati mtsempha sukupindika kapena kupotoka, kenako unikani ndi Doppler, makina oonetsa kayendedwe ka magazi, mimba ili yotsegula.

Mtsempha umenewu umatsekeka mwa akuluakulu 3 mpaka 5 pa 100 alionse, ndipo mwa ana koposa pamenepo. Ukatsekeka m'masiku oyamba, ma enzyme a chiwindi amakwera mwadzidzidzi, ndulu imachucha, thupi limatentha. Nthawi zina wodwala amaoneka bwinobwino pamene tinjira ta ndulu tikufa m'kati. Choncho Doppler ichitike tsiku loyamba ndi kubwerezedwa sabata yonse. Nambala ya resistive index, imene Doppler imapereka poyeza kayendedwe ka magazi mumtsempha, ikhale pakati pa 0.5 ndi 0.8, ikatsika pansi pa 0.5 ndipo funde la pa Doppler likukwera mwaulesi, kayikirani kuti msoko wathina. Magazi akapanda kuoneka, jambulani CT nthawi yomweyo ndipo konzekerani kutsegulanso. Kudikira kuti kuche kwatayitsa ziwindi zambiri.

Njira ya ndulu

Chotsani thumba la ndulu la chiwindi chatsopano. Dulani nsonga zonse ziwiri za njira ya ndulu mpaka zitayamba kutuluka magazi ofiira, ndipo sokani ndi ulusi wosungunuka wa PDS 5-0 kapena 6-0, mosakoka. Njira ya wodwala ikakhala yowonongeka, monga mwa ana obadwa ndi njira yotsekeka, lumikizani ku thumbo laling'ono mwa njira ya Roux-en-Y. Mavuto a ndulu amagwera wodwala mmodzi kapena awiri mwa 10. Kuthina kwa pamsoko kumachira ndi kapaipi koika kudzera pakamwa ndi ERCP, njira yofikira ku ndulu ndi chubu cha kamera. Kuthina kwa malo ambiri m'kati mwa chiwindi kumaloza ku hepatic artery kapena ku maola ochuluka a m'beseni, ndipo nthawi zambiri kumathera pa chiwindi china.

Wopereka akakhala wamoyo amapereka chidutswa chabe cha chiwindi chake, ndipo masamu ndi awa: chidutswa chisachepere 0.8 peresenti ya kulemera kwa wolandira, ndipo wopereka atsale ndi 30 peresenti ya chiwindi chake kapena kuposa. Wodwala wa makilogalamu 60 afunika magalamu 480 osachepera. Chikachepa, magazi a portal vein amachikulira mphamvu, chikasu ndi madzi a m'mimba sizitha.

Masiku otsatira

Chiwindi chogwira ntchito chimaonekera pa lactate (asidi wa m'magazi) wotsika, INR (muyeso wa kuundana kwa magazi) yobwerera m'malo, shuga wokhazikika, mkodzo wokwanira ndi wodwala wotsitsimuka. Zonsezi zikapanda kuoneka pomwe mitsempha ili yotseguka, chiwindicho sichinadzuke ndipo china chikufunika m'masiku ochepa. Thupi kukana chiwindi kumaoneka kwambiri kuyambira tsiku la 5 mpaka la 30. Musapereke mankhwala mongoganizira: Doppler choyamba, kenako kachidutswa ka chiwindi kounika. Zikatsimikizika, methylprednisolone wa 500 mg mpaka 1 g pa tsiku kwa masiku 3 amathandiza ambiri.

Ku Malawi opaleshoniyi sichitika. Odwala amapita ku India kapena ku South Africa, kumene chipatala cha Wits Donald Gordon ku Johannesburg chimaichita, ndipo akabwerera amawasamalira ndi dokotala wa kumudzi kuno. Tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana chiwindi, amayezedwa m'magazi m'mawa wodwala asanamwe, ndipo m'miyezi yoyamba ambiri amafuna 8 mpaka 12 ng/ml. Rifampicin wa TB amamutsitsa kwambiri mpaka thupi kukana chiwindi. Fluconazole, ritonavir ngakhalenso kutsegula m'mimba zimamukweza mpaka impso kuwonongeka. Brufen ndi diclofenac asaperekedwe. Amene chiwindi chake chidafa ndi hepatitis B asasiye tenofovir kapena entecavir ngakhale tsiku limodzi. Wodwala aliyense woikidwa chiwindi akapezeka ndi TB, imbirani foni chipatala chimene chidamuchita opaleshoni musanayambe mankhwala, funsani za rifabutin m'malo mwa rifampicin, ndipo yezani tacrolimus kawiri pa sabata mpaka atakhazikika.