Onga wothira mumfuti ya gogodela: musapusitsidwe ndi kuda kwake

Alenje anzanga, gogodela sidya onga uliwonse. Mfuti yodyetsera kukamwa imeneyi, imene ku America amati muzzleloader ndipo madera ambiri amaipatsa nyengo yakeyake yosakira agwape, inapangidwira onga wakuda, wa makolo uja wotulutsa chiutsi choyera chonunkha ngati dzira lovunda.

Onga wakudawu amaugulitsa potengera kukula kwa timibulu take. FFg ndiye wa mfuti za mpope waukulu, monga .50 (theka la inchi), FFFg ndi wosalala, wa mipope yaing'ono, FFFFg ndi wongoyatsira pa mfuti za mwala zija zotchedwa flintlock. Ubwino wa onga wakuda ndi wakuti sachedwa kugwira moto. Vuto ndi mwaye umene amasiya: umakoka chinyontho, ndipo mpope ukagona osatsukidwa, dzimbiri layamba kale. Tsukani ndi madzi otentha a sopo tsiku lomwelo, muumitse, mupake mafuta.

Pali wina wongoyerekeza onga wakuda. Kampani ya Hodgdon imagulitsa Pyrodex kuyambira zaka za m'ma 1970, komanso Triple Seven yemwe alibe sulufule. Muyeso wake ndi wa kachubu koyezera, osati sikelo, poti Pyrodex ndi wopepuka. Mukamuyeza kulemera mofanana ndi onga wakuda, mwathira wambiri. Triple Seven ndi waukali, ndiye eni ake amati muchepetse ndi 15 peresenti kuti afanane ndi wakuda. Onsewa amavuta kuyaka, choncho a flintlock, monga amene amasaka m'dera la Pennsylvania ku America Khirisimasi ikangodutsa, asawagwiritse ntchito. Wina wongoyerekezanso, Blackhorn 209, sadetsa kwambiri mpope, koma amafuna mfuti zamakono zoyatsira ndi 209 primer, kachipangizo koyatsira onga ka m'makatiriji a shotgun.

Tsono pano tcherani khutu. Onga wopanda utsi, uja wa m'makatiriji a masiku ano, usalowe mugogodela ngakhale kambewu kamodzi. Naye amaoneka wakuda kapena wotuwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mphamvu yake mumpope ndi yoposa imene chitsulo cha gogodela chingapirire. Mpope umang'ambika pafupi ndi nkhope, zala ndi maso n'kupita. Kampani ya Savage inapangapo gogodela yotchedwa 10ML yolola onga wotere, koma imeneyo inali yopangidwira zimenezo. Kwathu kuno, amene angaganize zosegula katiriji kuti atapemo onga wa gogodela yosulidwa kumudzi, akudziitanira maliro, osanenanso kuti mfuti yopanda laisensi ndi mlandu. Onga wa m'chitini chopanda dzina musaugwiritse ntchito, ngakhale wakupatsani ndi mlamu wanu.

Pothira, tsanulirani kaye m'kachubu, musathire molunjika kuchokera m'botolo, chifukwa khala lotsalira mumpope lingayatse botolo lonse lili m'manja. Chipolopolo chitsike mpaka chikhale pa onga, pasakhale mpata. Ndodo yotsendera chipolopolo muiike chizindikiro kuti muzidziwa ngati mfuti yadya kale. Ikakana kulira, musasuzumire kukamwa kwake. Ilozeni kumene kulibe munthu, mudikire mphindi imodzi yathunthu.