Kusankha mitengo ya zipatso yodzala pakhomo kuno ku Kasungu: yambani ndi kuwerenga ndowa

Kamtengo ka zipatso sikafa mu Januwale mvula ili pakati. Kamafa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamjigo pali mzere wa zigubu, mbuzi zikungoyenda popanda m'busa. Ine ndinataya mbande zisanu ndi ziwiri za mapeyala m'chilimwe chimodzi. Ndinazigula chifukwa ana amakonda kudyera mapeyala buledi, osafunsa kuti adzazitungire madzi ndani. Ndiye musanapite ku nazale, tsatani izi.

Choyamba, madzi

Kuno mvula ikaleka mu Epulo, timaidikiranso mpaka kumapeto kwa Novembala kapena Disembala. Miyezi yonseyo kamtengo kakang'ono kamadalira inu. Pa dothi lathu lamchengali, kamodzi kamafuna ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata, kwa zilimwe ziwiri zoyambirira. Mitengo 10 ndiye kuti ndowa 20 sabata iliyonse, kuwonjezera pa madzi ophikira, ochapira ndi osamba. Khalani pansi ndi amene amatunga madzi pakhomopo, mumufunse. Akati angakwanitse ndowa zisanu ndi chimodzi, dzalani mitengo itatu basi. Ina mudzawonjezera chaka chamawa.

Madzi otsukira mbale ndi osamba musamataye pabwalo. Ngati alibe sopo wambiri, nthochi ndi magwafa zimamwa bwinobwino.

Chachiwiri, kumbani muone dothi

Kumbani dzenje lakuya kufika m'chigongono, mudzaze madzi madzulo. M'mawa mukapeza lauma, dothilo ndi labwino pafupifupi kwa mtengo uliwonse, kungoti lidzafuna manyowa ambiri. Mukapeza madzi akadali chikhalire, monga zimakhalira pa makande a m'mphepete mwa dambo, iwalani za mapeyala ndi mapapaya, chifukwa mizu yake imaola msanga. Yang'ananinso ngati pafupi pali chulu. Chiswe chimathamangira kamtengo kofooka ndi ludzu.

Chachitatu, mtengo wanji?

Mango ndiye oyambira. Amapirira dzuwa, mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo nyengo yopanda mvula ndi imene imawathandiza kuchita maluwa. Koma musadzale mango amene mudzi wonse uli nawo kale. Mu Disembala mango achikuda amangovundira pansi, ngakhale nkhumba zimatopa nawo. Dzalani omezanitsa monga Tommy Atkins, Kent kapena Keitt. Awiri omalizawa amapsa mochedwa, anzawo atatha, ndipo alibe ulusi wokakamira m'mano. Mango omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pomwe ofesa nthangala mungawadikire zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Vuto la mango ochedwa ndi mphutsi. Ntchentche ya zipatso imaikira mazira mkati, kunja akuoneka bwino, kuwadula n'kupeza zikuyenda. Muzitola onse ogwa n'kuwakwirira m'dzenje lakuya, osawasiya pansi pa mtengo.

Magwafa ndi mandimu savuta. Mandimu amapirira kuposa malalanje ndi manachesi, amene amafuna kuthiriridwa ngakhale atakula kuti zipatso zikhale ndi madzi. Manachesi okoma amene timagula aja ambiri amachokera ku Mwanza ndi ku Neno. Kuno angabereke, koma akhale pafupi ndi chitsime.

Papaya ndiye wa anthu osaleza mtima. Chaka chisanathe mwayamba kudya. Kungoti pali wamwamuna ndi wamkazi, ndipo simungawasiyanitse ali aang'ono. Dzalani atatu phando limodzi. Akachita maluwa, wamwamuna amatulutsa timaluwa tambiri pa timapesi tatitali tolendewera, wamkazi maluwa ake ndi akuluakulu, omatirira ku thunthu. Siyani wamkazi mmodzi pa phando, ndi wamwamuna mmodzi yekha pakhomo ponse.

Nthochi ziikeni kumene kumathera madzi a kubafa. Koma samalani kumene mukutenga ana ake. Matenda a chisaka anawononga nthochi zambiri m'dziko muno, ndipo amayenda ndi ana a nthochi odwala komanso nsabwe za m'masamba. Mukaona masamba ang'onoang'ono, oimirira, othinana pamwamba ngati tsache, musatenge ngakhale akupatseni ulere.

Mapeyala sindikuletsani, ngakhale anandiliza. Amafuna dothi lakuya losasunga madzi, kuthirira kosadumphitsa, ndi kamthunzi ka udzu chaka choyamba, chifukwa khungwa lake limapsa ndi dzuwa. Maapozi ndi mapichesi asiyireni a ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene kumazizira mokwanira.

Ndipo ngati pamalo panu pali kale msuku, msawu kapena bwemba, musaudule kuti mudzalepo wachizungu. Umenewo sunapemphepo ndowa ya madzi kwa munthu.

Chachinayi, pogula mbande

Apa m'pamene ambiri timapusitsidwa. Munthu wina anandigulitsa mbande m'mbali mwa msewu, akulumbira kuti ndi zomezanitsa. Patatha zaka zisanu zinabereka timango ta ulusi tomwe tili kuseri kwa nyumba ya agogo. Tsopano ndimagwada n'kuyang'ana thunthu. Mbande yomezanitsa imakhala ndi chipsera, pamene analumikiza mitengo iwiri, pang'ono pamwamba pa dothi la m'chubu. Nthawi zina pamakhala pakadali kapulasitiki komangira. Palibe chipsera, musagule.

Nyamulaninso chubucho muone kunsi. Ngati mizu yaboola n'kulowa pansi, mbandeyo yakhalitsa ndipo idzavutika kugwira. Sankhani yofika m'bondo, ya masamba obiriwira bwino, osati yaitali yowonda. Mufunse dzina la mtundu wake. Wogulitsa akangoti "ndi mango a haibulidi, bwana" osatchula dzina, pitani kwina. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu amadziwa anthu amene amamezanitsa moona.

Chachisanu, malo ndi dzenje

Kambande ka m'chubu kamanamiza. Mango ndi mapeyala amafuna mamita 8 mpaka 10 kuchoka pa mtengo wina, malalanje ndi mandimu mamita 6, mapapaya mamita atatu. Musadzale mango pafupi ndi khoma la nyumba, pansi pa mawaya a magetsi, kapena m'malire enieni. Nthambi zikadzalowa kwa aneba, mlandu wake udzafika kwa amfumu.

Kumbani dzenje mu Okutobala kapena Novembala, masentimita 60 mulifupi, mulitali ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba ikani mbali ina, lapansi mbali ina. Sakanizani lapamwambalo ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana bwino, mubwezere m'dzenjemo. Manyowa aawisi a m'khola amatentha mizu ndipo amaitana chiswe.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kwa ife a ku Kasungu kudzala mu Malichi n'kuchedwa. Dzalani mvula ikangokhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, kuti mizu ipeze miyezi itatu ya chinyezi. Ng'ambani chubu, musadzalire kumodzi. Chipsera chija chikhale pamwamba pa dothi, chisakwiririke.

Chomaliza, mbuzi

Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo chobiriwira chokha pamudzi chimakhala kamtengo kanu. Tchingani tsiku lomwe mwadzala. Njerwa zosanja mozungulira, zosiya mipata yolowera mphepo, zimagwira ntchito kuposa minga, imene ana amasolola n'kukasonkhera moto.

Pangani kabeseni kozungulira mtengo, muphimbire ndi udzu kapena masangwi a mtedza, koma zisakhudze thunthu. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa chipsera muzithothola zikadali zanthete, chifukwa zimenezo ndi za mtengo wachikuda wapansiwo, ndipo mukazilekerera zimapha wapamwamba. Kamango kakachita maluwa chaka choyamba, achotseni. Mtima umawawa, koma kathunthu konga chala sikangasenze bango la Kent.