Kuthamangitsa galimoto yaliwiro m'nyengo yachisanu

Ku Britain, ku Germany ndi kumaiko ena achisanu, galimoto ngati Porsche 911 kapena BMW M3 imasintha khalidwe kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mpweya wozizira umalowa wochuluka mu injini, ndiye mphamvu zimawonjezeka, makamaka ngati ili ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini. Koma nthawi yomweyo matayala amakhala atachepa mphamvu yogwirira msewu, ndipo apa ndi pomwe pagona vuto.

Yambani ndi matayala. Labala ya matayala a m'chilimwe imayamba kuuma kunja kukazizira kutsika madigiri 7. Omwe anapangidwira mpikisano ndiye amaipiratu: akagona pa madigiri 7 pansi pa ziro amatha kung'aluka mukangoyendetsa. Ikani matayala a m'chisanu pamawilo onse anayi, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu m'mbali mwake. Ku Germany ndi lamulo mumsewu mukakhala madzi oundana. Onaninso chilembo cha liwiro: cha H chimalekeza pa makilomita 210 pa ola. Mpweya yezani m'mawa musanayende, chifukwa umatsika ndi psi imodzi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kuzizira kukawonjezeka ndi madigiri 5 kapena 6.

Mukaliza injini musaisiye ikulira pamalo amodzi. Imachedwa kutentha, petulo wina amatsikira mu oilo, komanso giyaboksi ndi difu (yogawira mphamvu ku mawilo) sizitentha galimoto itangoima. Pakapita theka la mphindi nyamukani, koma musapyole 3,000 rpm, kutanthauza kuzungulira kwa injini pa mphindi. Giya yachiwiri ikamalimba musaikakamize, oilo wake akadali wokhuthala.

Ambiri amapusitsidwa ndi singano yoonetsa kutentha kwa madzi a mu injini. Imafika pakati msanga, oilo akadali wozizira ndipo sakuyenda bwino m'mabering'i ndi mu turbo. Dikirani kuti oilo afike madigiri 80 musanaponde moto wonse. Ngati galimoto yanu siionetsa kutentha kwa oilo, yendani modekha mphindi zina khumi madzi atafika kale.

Kukhotetsa chiwongolero uku ndi uku sikutenthetsa matayala kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi kuwonjezera liwiro kenaka n'kumanga mabuleki mwamphamvu ndithu kangapo, pamsewu woongoka, kumbuyo kulibe wina. Zimenezi zimadzutsanso mabuleki, poti mapadi a mpikisano sagwira bwino akadali ozizira.

Pakona, malizani kumanga mabuleki galimoto idakali yoongoka, lowani ndi giya yokwererapo kuposa ya masiku onse, ndipo moto muziuwonjezera pang'onopang'ono chiwongolero chikamaongoka. Mukauponda mwadzidzidzi, mawilo akumbuyo amazungulira pachabe ndipo kumbuyo kumathawira kunja. Mukauchotsa mwadzidzidzi muli pakati pa kona, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka. 911 imavuta kwambiri pamenepa chifukwa injini yake ili kumbuyo kwenikweni. Kukayamba kutereraka, yang'anani komwe mukufuna kupita, wongolerani komweko mofatsa. Makina othandiza kuti galimoto isaserereke, DSC pa BMW kapena PSM pa Porsche, musawazimitse pamsewu wa anthu onse.

Dashibodi ikachenjeza kuti kunja kwafika madigiri 3 kapena 4, chepetsani liwiro. Pamilatho ndi pamithunzi ya mitengo madzi amayamba kuundana pena ponse pali bwinobwino, ndipo samaoneka. Matayala akangoti zii osamvekanso phokoso, chiwongolero n'kupepuka, dziwani kuti mwawaponda. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, imati pamadzi oundana mtunda woimira umatha kutalika kakhumi.

Pobwerera yendani modekha makilomita omaliza kuti turbo izizire, ndipo tsukani kunsi kwa galimoto, chifukwa mchere womwe amawaza mumsewu umadya mapaipi a mabuleki.