Mmene mungayendere boma la Jaisalmer m'chipululu cha Thar ndi kulimvetsa

Boma la Jaisalmer lili kumadzulo kwa chigawo cha Rajasthan m'dziko la India, kumalire ndi Pakistan, ndipo ndi lalikulu kuposa maboma ena onse a m'chigawocho. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 38,401, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma kalembera wa mu 2011 anapezamo anthu 669,919 okha. Mvula imene imagwa kumeneko pa chaka chathunthu imangofika mamilimita 200 kapena kucheperapo. Choncho mlendo wofuna kupindula ndi ulendowu asathamangire kukwera ngamila, koma paliponse pamene waima azidzifunsa kumene anthu ankapeza madzi ndi kumene chuma chinkachokera, chifukwa mbiri yonse ya bomali yagona pamenepo.

Yambani ndi kusankha nyengo. Nthawi yabwino ndi kuyambira Okutobala mpaka Malichi, popeza mu Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 45 ndipo masana munthu sangayende panja. Mu Disembala ndi Januwale masana kumakhala bwino koma usiku kumazizira zedi, ndiye musasiye juzi ndi jekete poganiza kuti chipululu n'chotentha nthawi zonse. Wochokera ku Lilongwe kapena Lusaka akonzeretu viza ya India, ndipo angadzere ku Addis Ababa n'kukatera ku Delhi kapena Mumbai. Kuchoka apo njira yodalirika ndi ya sitima ya pamtunda kapena basi kudzera ku Jodhpur, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku mzinda wa Jaisalmer, likulu la bomali. Patulani masiku osachepera atatu.

M'mawa woyamba pitani kaye ku Gadisar, nyanja yokumba yimene mfumu Rawal Gadsi Singh inakonzetsa m'zaka za m'ma 1300 kuti izisunga madzi a mvula. Kwa zaka mazana ambiri mzinda wonse unkamwa pamenepa, ndipo masitepe a miyala otsikira kumadzi ndi tiakachisi tozungulira gombe zikusonyeza ulemu umene anthu ankapereka kwa malowa. Mukaona kuchepa kwake poyerekeza ndi mzinda umene inkamwetsa, zimene mukaone kumtunda zidzamveka mosavuta.

Kenako kwerani ku linga. Linamangidwa mu 1156 ndi Rawal Jaisal, mfumu ya fuko la Bhati la anthu a mtundu wa Rajput, atasamutsa likulu lake kuchoka ku Lodurva, malo a pachigwa amene adani ankawalowera mosavuta, kupita pa phiri la Trikuta. Miyala yake ndi yachikasu, n'chifukwa chake eni dera amalitcha Sonar Qila, linga lagolide, ndipo mpanda wake uli ndi nsanja 99. Polowa mumadutsa zipata zinayi, ndipo muyende pang'onopang'ono kuti muone kuti msewu umakhota pakati pa chipata ndi chinzake. Anachita dala kuti adani asapeze mpata wothamanga ndi njovu n'kugumula zitseko. Ngakhale zinali choncho, linga linagwapo m'manja mwa ankhondo a Alauddin Khilji, sultani wa ku Delhi, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, atalizinga kwa nthawi yaitali. Mafumu a kuno anachita pangano ndi kampani ya Angerezi ya East India mu 1818, ndipo ufumuwu unakhala gawo la Rajasthan mu 1949. Bungwe la UNESCO linaika lingali pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2013, pamodzi ndi malinga ena a pamapiri a Rajasthan.

M'kati muli akachisi a chipembedzo cha Jain, osemedwa mwaluso mpaka kudenga, ndi nyumba ya mabuku ya Gyan Bhandar yosunga zolembedwa zakale pa masamba a mgwalangwa. Pitaniko m'mawa, ndipo pakhomo muvule nsapato ndi lamba aliyense wachikopa, chifukwa anthu a Jain salola kupha chamoyo chilichonse.

Pa nkhani ya pogona, langizo langa n'lakuti mugone kunja kwa linga. Mabanja ambiri akukhalabe m'katimo, ndipo ena anasandutsa nyumba zawo kukhala malo ogona alendo okongola ndithu. Vuto n'lakuti linga linamangidwa panthawi imene madzi ankakwera phiri m'mitsuko, ndipo ngalande zake zinali za madzi ochepawo. Mipopi itabwera, ndi alendo osamba kawiri pa tsiku atachuluka, madzi otayika anayamba kulowa m'nthaka ya phirilo n'kufewetsa maziko, mpaka zigawo zina za mpanda zinagwa. Eni nyumbazo nawonso ali ndi mfundo, chifukwa chakudya chawo chili pa alendo, ndipo mungawathandize podya ndi kugula zinthu m'katimo masana.

Masana tsikirani m'misewu yopapatiza ya m'munsi kukaona nyumba za amalonda akale zotchedwa haveli. Yotchuka kwambiri ndi Patwon ki Haveli, imene wamalonda Guman Chand Patwa anayamba kumanga mu 1805, ndipo kwenikweni ndi nyumba zisanu zogundizana za ana ake aamuna asanu. Imani pafupi ndi zenera limodzi muone: ndi mwala wathunthu woboolaboola ngati sefa, wolowetsa mphepo koma wotchinga dzuwa, ndipo wokhala m'kati amaona msewu popanda kuonedwa. Ndalama zomangira zimenezi sizinachokere m'munda. Mitengatenga ya ngamila yonyamula nsalu, zokometsera zakudya ndi opiyamu pakati pa India, Sindh (lero chigawo cha Pakistan) ndi Persia (lero Iran) inkadutsa pano, mafumu ankadula msonkho, ndipo amalonda ankakongoza ndalama. Malonda atasamukira pa nyanja kudzera pa doko la Bombay (lero Mumbai) njirayi inazilala, ndipo India ndi Pakistan atagawikana mu 1947 inatsekeka. Mabanja olemera anasamukira m'mizinda ikuluikulu, ndipo umphawi umene unatsatira ndi umene unasunga mzinda wakale, popeza panalibe wogumula kuti amange zatsopano.

Tsiku lachiwiri lembani galimoto yoyendera kunja kwa mzinda. Ku Bada Bagh kuli zikumbutso za mafumu akale, ndipo kuseri kwake kwaima makina ataliatali opanga magetsi ndi mphepo, amene pamodzi ndi alendo, asilikali, migodi ya miyala ya laimu ndi gasi wa pansi pa nthaka akugwira chuma cha bomali lero. Ku Kuldhara mukapeza mudzi wa mabwinja umene anthu a Paliwal anausiya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Operekeza alendo amakonda kunena kuti anathawa usiku umodzi poopa nduna yankhanza Salim Singh, n'kuutemberera mudziwo, koma msonkho wolemera ndi kuphwa kwa zitsime n'zifukwa zomveka kwambiri. Pemphani dalaivala akuonetseni khadin, ulimi umene anthuwa anasiya: amaunda chimzere chachitali cha dothi m'munsi mwa malo otsetsereka, madzi a mvula n'kuima pamenepo mpaka kulowa pansi, kenako amadzala tirigu kapena nandolo wa kumeneko pa chinyezi chotsalacho. Masiku ano madzi ambiri amabwera mu ngalande ya Indira Gandhi kuchokera ku mitsinje ya ku Punjab.

Milu ya mchenga yotchuka ili ku Sam, makilomita pafupifupi 40 kumadzulo kwa mzindawu, koma madzulo kumadzaza magalimoto ndi phokoso. Ofuna bata asankhe milu ya ku mudzi wa Khuri. Gwirizanani mtengo ndi kutalika kwa ulendo musanakwere, kanani ngamila yokhala ndi zilonda pamsana, ndipo tsamirani chagada ikamadzuka chifukwa imayamba ndi miyendo yakumbuyo. Derali lili m'mphepete mwa malo osungirako zachilengedwe a Desert National Park, kwawo kwa mbalame yaikulu yotchedwa godawan, imene yatsala pang'ono kutha, mwa zina chifukwa chowombana ndi mawaya a magetsi.

Usiku funani oimba a Manganiyar, Asilamu amene kwa mibadwomibadwo akhala akuimbira mabanja a Chihindu pa maukwati ndi pobadwa ana, ndi chida cha zingwe chotchedwa kamaicha ndi timatabwa togundanitsa m'manja totchedwa khartal. Ndalama yowathokoza muipereke m'manja mwawo, osati kwa mwini kampu ya alendo imene akuimbiramo. Pa chakudya lawani chapati cha ufa wa machewere ndi ndiwo ya ker sangri, yophikidwa ndi zipatso ndi nyemba zouma za mitengo ya m'chipululu zimene zimasungika miyezi yambiri. Chikondwerero cha chipululu, chokhala ndi mipikisano ya ngamila ndi yomanga nduwira, chimachitika kawirikawiri mu Febuluwale, ndipo malo ogona amafunika kusungitsiratu.

Kumbukirani kuti lino ndi dera la asilikali. Ku Pokhran India inayesa mabomba a nyukiliya mu 1974 ndi 1998, ndipo ku Longewala kunamenyedwa nkhondo ndi Pakistan mu Disembala 1971. Musajambule misasa kapena magalimoto a asilikali, yendani ndi pasipoti nthawi zonse, ndipo musananyamuke kulowera ku Tanot kapena Longewala, pafupi ndi malire a Pakistan, funsani ku ofesi ya boma za chilolezo chimene alendo ochokera kunja amafunika kukhala nacho.