Momwe mungalembere nthano ya kamulungu katambwali kotumidwa padziko

Pa nthano zonse zimene ndimalembera ana, imene imanditayitsa tulo ndi ya kamulungu katambwali kotumidwa padziko kudzaonetsa anthu kuti chifundo chimaposa dyera. Yoyamba imene ndinalemba inafera pamapeto. Kamulungu kaja kanakwera pachulu nkuyamba kulalikira za kuipa kwa umbombo, ndipo ana amene ankaseka poyamba anayamba kuyasamula ndi kuyang'ana pawindo. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziikira lamulo loti kamulunguka kasamaphunzitse ndi pakamwa. Zonse zimene ndikuuzeni apa zikuchokera pa lamulo limeneli.

Yambani ndi chifukwa chimene kabwerera kuno. Ngati katumidwa chifukwa ndi kabwino, nthano ilibe mchere. Kakhale kuti kalakwa kumwambako, ndipo kubwera padziko ndi chilango. Agiriki akale anali ndi chitsanzo chake: mulungu Apollo atapha ma Cyclops (zimphona za diso limodzi), Zeus, mfumu ya milungu, anamulamula kuti akatumikire munthu wamba, mfumu Admetus ya ku Pherae, chaka chathunthu akuweta ziweto. Admetus anamusunga bwino, ndipo Apollo pothokoza anachititsa kuti ng'ombe zake zizibereka mapasa. Ngati mukufuna khalidwe la utambwali weniweni, yang'anani mulungu wina, Hermes, amene tsiku lomwelo lobadwa anakaba ng'ombe 50 za Apollo, nkuziyendetsa chammbuyo kuti mapazi asokoneze wozilondola. Tengani mutu wa Hermes, muupatse chilango cha Apollo. Mukatero muli ndi kamulungu kofika padziko kakunyinyirika, kotumidwa kukaphunzitsa chinthu chimene nakonso sikanachidziwe bwino.

Kenako kavekeni nsanza. Munthu akadziwa kuti mlendo wake ndi mulungu, amuchereza chifukwa cha mantha kapena poyembekezera mphatso, ndiye dyera lomwelo. Ovid, mlakatuli wa ku Roma amene anamaliza buku lake la Metamorphoses cha m'ma 8 AD, anasimba za Jupiter ndi Mercury (mayina achiroma a Zeus ndi Hermes) akuyenda m'dziko la Phrygia ngati apaulendo otopa. Anagogoda pa nyumba 1,000 osawatsegulira. Amene anawalandira ndi nkhalamba ziwiri zosauka, Philemon ndi mkazi wake Baucis. Chimene ndimafuna olemba aone m'nkhaniyi ndi tinthu ting'onoting'ono. Tebulo linali ndi mwendo umodzi waufupi, ndipo Baucis anaugwiriza ndi phale. Vinyo ankadzaza yekha m'mbale akamatunga. Nkhalambazo zinathamangitsa tsekwe wawo mmodzi yekhayo kuti ziphere alendo, koma zinalephera kumugwira chifukwa cha ukalamba, tsekweyo nkukabisala kwa milunguyo. Palibe pamene Ovid anafunikira kunena kuti anthu awa ndi okoma mtima. Phale lija linanena kale. Inunso pezani phale lanu: chinthu chimodzi chimene munthu wachifundoyo achita ndi manja, chomutayitsa kanthu kenikeni.

Tsopano pa mtima wa nthano, pamene ndimathera masiku ambiri. Wadyera musamulange ndi mphezi kapena chigumula chongogwa kuchokera kumwamba. M'patseni ndendende chimene wapempha. Mfumu Midas ya m'nthano za Agiriki inapempha mulungu Dionysus kuti chilichonse chimene akhudze chisanduke golide, ndipo anapatsidwa. Atakhala pansi kuti adye, chakudya chinauma m'manja, chakumwa chinasanduka golide pakamwa, mpaka anakachonderera kuti mphatsoyo ichoke, nauzidwa kukasamba mu mtsinje wa Pactolus. Mulunguyo sanamunamize ngakhale mawu amodzi. Nthano ya Aesop, wosimba nthano wa Agiriki akale, ya wodula mitengo imayenda chimodzimodzi. Nkhwangwa yake itagwera mumtsinje, Hermes anavuuka ndi yagolide, iye nkukana kuti si yake. Anavuuka ndi yasiliva, anakananso. Ataona yake yachitsulo anailandira, ndipo Hermes anamupatsa zonse zitatu. Mnzake atamva anakaponya yake dala, nkulumphira yagolide ija kuti ndi yake, ndipo anabwerera chimanjamanja, yakeyo itatsala pansi pa madzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Choncho lembani pempho la wadyerayo mawu ndi mawu, kenako muliwerenge monga mmene tambwali angaliwerengere, mukufunafuna bowo. M'nthano imene ndinalembanso, munthu wolemera anapempha kamulungu kaja loko woti pasapezeke munthu womutsegula. Kanamupatsa. Anatseka nyumba ndi chuma chonse mkati, naika kiyi m'thumba mokondwa. Madzulo atabwera kuti alowe, kiyi anangozungulira. Anaiwala kuti nayenso ndi munthu. Ana amene ndinawawerengera anatulukira msamphawo wolemerayo asanautulukire, ndipo anayamba kukuwa kumuchenjeza. Mukafika pamene omvera athamanga kutsogolo kwa wadyera, dziwani kuti bowo lija mwalisema bwino.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri. Wolemba amanena patsamba loyamba kuti kamulunguka nkatambwali, koma m'nkhani yonse kamachita ngati woweruza wolungama. Utambwali wake uzioneka, ndipo nthawi zina uzipweteka ngakhale osalakwa. Ayoruba a ku Nigeria amasimba za Eshu, mulungu wawo wautambwali, amene anadutsa pakati pa minda ya anthu awiri ogwirizana atavala chipewa cha mitundu iwiri, mbali iyi mtundu wina, mbali inayo wina. Aliyense anaona mbali yake, ndipo anakangana mpaka kumenyana pa nkhani ya mtundu wa chipewacho. Amenewo sanali anthu oipa. Kamulungu kanu kakhale ndi mbali yotereyi: kabise nsapato za nkhalamba yoti yakachereza, kanamize njira, kaseke pamene sipoyenera kuseka. Omvera azikakonda koma asamakakhulupirire kwenikweni. Kungoti musapitirire mpaka wachifundoyo kuvulala kosachira, chifukwa ana sakhululukira zimenezo.

Wadyerayo m'patseni chifukwa, ngakhale chiganizo chimodzi chokha. Wanga uja anagonapo ndi njala ali mwana, ndipo analumbira kuti sizidzachitikanso. Zikatero omvera amaseka akatsekeredwa kunja, koma chisoni chimawagwiranso.

Chotsala ndi kusintha kwa kamulungu komweko, ndipo apa pamafunika dzanja lopepuka. Kanabwera kakuona anthu ngati zoseweretsa. Payenera kukhala mphindi imodzi imene munthu achita chinthu chimene iko sikanachiyembekezere. Kwa ine mphindiyo inali usiku umene wolemera uja anakhala pakhonde akunjenjemera, mabulangeti ake onse ali mkati. Mayi woyandikana naye, amene iye anamukaniza ngongole m'mawa womwewo, anatuluka ndi bulangeti lake limodzi lokhalo namufunditsa osanena kanthu. Kamulungu kaja kanali padenga kakudikira kuti kaseke. Sikanaseke. Ndinalemba kuti kanakhala chete nthawi yaitali, basi, osafotokoza zimene kankaganiza. Kawiri konse ndinayesa kuwonjezapo ndime yofotokoza, ndipo kawiri konse ndinaifufuta.

Mphoto ya wachifundo ikhale yofanana ndi mtima wake. Philemon ndi Baucis atauzidwa kuti apemphe chilichonse, anapempha kutumikira m'kachisi amene kanyumba kawo kanasanduka, ndi kuti adzafe nthawi imodzi, wina asadzaone manda a mnzake. Atakalambiratu anasanduka mitengo iwiri yoyandikana. Mukapatsa wachifundo mulu wa golide, mwauza ana kuti chifundo ndi njira yochenjera yolemerera, ndiye mwagwetsa nyumba imene mwamanga. Mayi wa m'nthano yanga uja sanalandire chuma. M'mawa loko anatseguka atangomukhudza iye, ndipo amene anayenera kusankha chochita ndi chuma chinali mkatimo anali mwini wake.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza pamaso pa ana awiri kapena atatu, pensulo ili m'manja. Paliponse pamene kamulungu kayankhula ziganizo zoposa ziwiri motsatizana, ikani chizindikiro. Paliponse pamene pali mawu akuti chifundo kapena dyera m'kamwa mwa munthu wa m'nkhaniyo, ikaninso chizindikiro, kenako muone ngati chochitika chingalowe m'malo mwa mawuwo. Mukafika pamzere womaliza, tsekani buku musafunse kuti aphunzirapo chiyani. Dikirani. Tsiku limene ndinawerenga ya loko ija, kamtsikana kena kanafunsa ngati mayi uja anabwezeredwa bulangeti lake, ndipo ndinabwerera kukalemba ndime imeneyo.